Khadi la Khirisimasi la a Halvorsen

Chaka chilichonse kuyambira 1994, amayi anga a Loreen Halvorsen amatumiza khadi la Khirisimasi lokhala ndi chithunzi cha banja lathu. Lamulo lawo silisintha: chithunzi chikhale cha chaka chomwecho, ndipo aliyense aonekemo. Makhadiwo amapita kwa achibale, kwa a kumpingo ndi kwa anzawo a bambo a kufakitale ya matabwa, ndipo anthu amawamata pa firiji mpaka Januwale. Kwathu kuno ku Minnesota munthu amadziwira pa firiji kuti wabadwa ndani, wakwatiwa ndani, wachoka ndani.

Chaka chino tinakhala pansi kusankha khadi Lamulungu pa 1 Disembala, titangodya nkhukundembo yotsala. Tinalipo atatu patebulo la kukhitchini: amayi, bambo anga a Duane, ndi ine Jolene, amene ndinali pa kompyuta. Wachinayi, mchimwene wanga Brant, ali kundende. Pa 15 Juni, akuchokera ku ukwati wa msuweni wathu ataledzera, anagunda ndi galimoto mtsikana wa zaka 19, Marcy Tollefson, yemwe anali panjinga. Marcy anafera pomwepo. Pa 17 Okutobala khoti linamugamula kuti akakhale zaka zinayi.

Ndinatsegula tsamba la makhadi. Analipo a nyenyezi, a angelo, a nthambi za paini. Amayi anawadutsa onsewo n'kuloza limodzi la mizere ikuluikulu ya olenji, yachikasu ndi yabulawuni, lokhala ndi zilembo zonenepa zopindikapindika ngati za pa zikuto za malekodi akale. Pamwamba panalembedwa mawu amodzi okha, akuti chimwemwe.

"Limeneli," anatero.

"Ngati makatani a mayi ako a mu 1978," anatero bambo.

"Makatani amene unkabisamo ndudu zako pobwera kudzandifunsira. Sunadandaule nawo nthawi imeneyo."

"Likufuula kwambiri, Loreen."

"Lifuule. Sindikufuna khadi loti munthu akalitsegula ayambe kundiphikira chakudya cha pamaliro."

Khadilo linali ndi malo a chithunzi chimodzi, ndi mzere wa maina m'munsi. Ndinafufuza zithunzi zonse za chaka chino. Brant ankagwira ntchito ku zitsime za mafuta ku North Dakota, ndipo anabwera kunyumba kamodzi kokha, pa ukwati uja. Chithunzi cha anayi tonse chinali chimodzi. Tinaima pamzere m'holo ya ukwati, Brant kumapeto kumanja, taye itamasuka, akuseka, kapu yofiira ili m'manja.

Ndinachiika m'khadi. Chinakwanamo bwinobwino.

Bambo anavula magalasi. "Ayi."

"Ndi mwana wanga, Duane. Sanafe."

"Wafa ndi wa eni. Azakhali ake a Marcy umaimba nawo kwaya. Ukufuna akamwe khofi m'mawa akuyang'anizana ndi nkhope imeneyi?"

"Sindiwatumizira."

"Akachiona kwa abusa. Akachiona kwa mnzako Gail. Tauni ino ili ndi mafiriji angati?"

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ika galu. Anthu amaika agalu."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuika ana anga, lero ndiike galu?"

"Basi tisatumize."

"Kuti anene kuti a Halvorsen atseka makatani? Ayi. Amene sanatumize khadi chaka chatha ndi a Bergstrom, ndipo unaimba nthano yawo mwezi wathunthu, iweyo."

Zinali zoona. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Jo, nena. Ndiwe wosakondera."

Ndikadatha kukhala chete. Koma anandifunsa, ndipo ndinali nditaona kale zimene chithunzicho chinkasonyeza.

"Amayi, kumbuyoku kukuoneka maluwa a ukwati ndi dzina la holo. Anthu ambiri amene alandire khadili analipo tsiku limenelo. Adziwa kuti ndi madzulo omwewo, ndipo adziwa zimene zili m'kapumo."

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Sanali atayang'anapo kapuyo. Kenako anadzuka, anatunga madzi pampopi, sanamwe, nabwerera pampando.

"Dula," anatero.

Ndinakoka mzere wodulira kuchokera kumanja. Kapu inachoka, kenako nkhope, kenako taye. Nditafika pamene panathera jekete la Brant ndinaima, chifukwa kupitirira apo ndikadadula khutu la amayi. Pa phewa lawo la kumbali kwanga, panatsala zala zinayi. Brant anali atawakolekera mkono kumbuyo.

"Zimenezo zingafufutike?" anafunsa bambo.

"Zingafufutike."

"Usazikhudze," anatero amayi.

Bambo anavalanso magalasi, anayang'anitsitsa, natuluka kukachotsa chipale chofewa pakhomo la galaja, ngakhale anali atachotsa kale m'mawa. Pa mzere wa m'munsi panali polembedwa Duane, Loreen, Jolene ndi Brant. Amayi anandiuza kuti ndifufute maina onse ndilembe Banja la Halvorsen.

Makhadi anafika pa 10 Disembala. Mitundu yake inali yowala kuposa pa kompyuta. Amayi analemba maadiresi ndi dzanja monga mwa nthawi zonse, ndipo envulopu yomaliza inali ya Brant. Ndinawauza kuti sikofunikira kumutumizira. Anati aliyense wa m'banja amalandira khadi, ndipo anaiponya okha.

Brant anaimba foni Lamulungu pa 22 Disembala masana. Ndinayankha ndine. Amayi anali pafupi, akusenda mbatata.

"Jo, zalazi ndi zanga?"

"Ndi zako."

"Zinayi zokha? Chachikulu munadyera limodzi ndi nkhukundembo?"

Sindinaseke. Iyenso sanaseke. Kumbuyo kwake kunkamveka amuna akukangana za mpira.

"Anadula ndani? Adadi?"

"Ndine."

"Ndimadziwa. Unadula mowongoka kwambiri. Sunalakwe. Ndi cha tsiku lija, eti?"

"Inde."

"Ndakhala ndikuchiyang'ana kuyambira Lachinayi. Dzanja limenelo ndi limene linagwira chiwongolero. Uwauze amayi kuti chaka chamawa asandiikemo ngakhale chikhadabo. Asanditumizirenso."

"Ali pompano. Uwauze wekha."

"Lero ayi. Pali mzere wa anthu kumbuyo kwangaku."

Foni inaduka. Amayi anali atasiya kusenda, mpeni uli m'manja.

"Wati chiyani?"

Ndinawauza zonse monga mmene ananenera, kupatula za chiwongolero. Anamvetsera akugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akumva malangizo a dokotala.

"Koma mitunduyo waikonda? Brant amakonda olenji kuyambira ali mwana."

Kundende kumeneko mkaidi salandira kalata yeniyeni. Amaitsegula, amaijambula pa makina, n'kumupatsa pepala wamba. Ndinaliwerenga lamulolo mu Okutobala.

"Sanaione, Amayi," ndinatero. "Lake linafika lakuda ndi loyera."

Anatola mbatata ina n'kuyamba kusenda.