Mzere Womaliza Pamutu pa Chifuniro

Mwandida analota khoma limodzi la chipinda chake ku Chilobwe litachoka. Silinagwe ayi, linangochoka, fumbi osaoneka. Pamene panali khomapo panali mabenchi otsetsereka mpaka kumtsinje, ndipo anthu anadzaza pamabenchipo, ena atagwira nzimbe, ena ana ali kumsana, onse maso ali pa iye. Dzuwa linali lamasana. Mwandida sanadabwe kwenikweni, anangokoka chitenje n'kuphimba mbale zosatsuka.

Bambo wina wa jekete lobiriwira, amene ankaoneka kuti ndiye woyang'anira malowo, anabwera kudzamuuza mwaulemu kuti moyo wake ndi sewero la pakanema, ndipo anthuwa amalionera Lamlungu lililonse. Anamukumbutsa kuti m'gawo lapitalo mayi ake anamwalira, n'kumusiyira mng'ono wake Chifuniro, kamtsikana ka sitandade wani. Gawo la lero, anatero, ndi limene malume ake, a Gostino, abwere kudzatenga mwanayo kupita naye kumudzi, kuti Mwandida akayambe ntchito imene anaipeza kuhotela ku Mzuzu.

"Pitirizani, mayi," anatero bamboyo. "Anthu akufuna aone kuti mutani."

Zonsezi zinali zoona ngakhale kunja kwa maloto. Basi ya ku Mzuzu inali itaima pakati pa bedi ndi kabati, injini ikulira chapansipansi, kondakitala akusinza pachitseko. Chifuniro anakhala pamkeka atafulatira anthu onse. M'mutu mwake munali mizere imene mayi anamuluka asanagonekedwe kuchipatala, tsopano itanyankhalala. Tsiku lometa maliro, abale onse akumeta, mwanayu anabisala pansi pa bedi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna kugwira mutu wake ankalumidwa.

Oonera pakamwa sapuma. Mayi wina wa duku lofiira anati Mwandida ndi wouma mtima, chifukwa chichitikireni maliro sanamuonepo akulira mokwanira. Mnzake anamutsutsa, nati mtsikana nayenso ndi mwana wa munthu, sukulu anaivutikira, apite akagwire ntchito, ana amakula ngakhale kumudzi. Wina chakumbuyo anati iye amaonera seweroli chifukwa cha kamwanako basi, wamkuluyo angomuchotsa aikepo wina wodziwa kuseka. Bambo wina wadazi anadandaula kuti sewero layamba kuzizira. Gawo lokoma, anatero, linali lija la kuchipatala, limene iye ndi mkazi wake analira mpaka kupsereza ndiwo.

Mawu a wadaziyo ndi amene anamulasa Mwandida. Zoti ndi wouma mtima anali atazizolowera, pamaliro pomwe anazimva. Koma zoti kudwala kwa mayi ake kunakomera munthu zinamuwawa koopsa. Anthu ndi otero, mnzawo akubuula iwo ali kalikiliki kusenda nzimbe.

Chipeso chimene chinali pawindo chinakhosomola.

"Pepani achemwali," chinatero, "ine chichokereni mayi sindinagwirepo ntchito. Munditaye, kapena mundigwiritse ntchito."

Akutambasula dzanja kuti achitenge, Mwandida anawaona mayi ake. Anakhala pabenchi yakutsogolo, chakumapeto, atavala yunifolomu ya kumpingo imene anaikidwa nayo, manja ali pamaondo. Mwandida anapita kukagwada pamene panathera simenti ya chipinda, chifukwa kupitirira apo miyendo inkakana. Anawafunsa chochita, akwere basi kapena atsale.

"Ife oonera sitiloledwa kulowa m'sewero," anatero mayi. "Komanso sindinabwere kudzaweruza mlandu. Ndabwera kudzaona ana anga. Mutu wa mng'ono wako ukuyabwa. Uyambire kumbuyo, ndipo usakoke."

Mwandida anakhala pakampando n'kumuika Chifuniro pakati pa miyendo yake. Mwana sanalume. Mumzere woyamba munatuluka mfundu. Wotsatira unatulutsa dothi lofiira la kumanda. Mumzere wina munatuluka kanyimbo kamene mayi ankang'ung'udza akamasita, ndipo kanauluka n'kukatera padenga. Ntchito inali yochedwa. Pongoyang'ana mizere inali yochepa, koma akamasula umodzi pansi pake pankapezeka wina.

Oonera anayamba kuyasamula. Wa duku lofiira anafunsa ngati lero palibe amene atukwanidwe. Wadazi uja anati ili si sewero, uku n'kulera chabe, ndipo kulera ali nako kale kunyumba kwake. Anayamba kunyamuka, uyu kusasa makoko a nzimbe, uyu kumangitsa mwana kumsana. Ankatsikira kumtsinje n'kulowa ndi zovala zomwe, madzi n'kutsekeka pambuyo pawo ngati chitseko.

Kondakitala anadzuka n'kumufunsa Mwandida ndi maso. Ataona kuti manja ake onse ali m'tsitsi, anamenya m'mbali mwa basi, ndipo basi inatuluka kudzera m'kabati osagwetsa ndi kapu yomwe. Mwandida anamva chisoni chenicheni. Ntchito ija ankaifuna ndi mtima wonse, anali atauza kale anzake onse, ngakhale aja sanamufunse. Koma zala zake sizinaime.

Potsiriza panatsala mzere umodzi, pamwamba pa khutu lakumanzere, ndipo pamabenchi onse aja panatsala mayi okha.

"Umenewo ndinauluka chizungulire chitayamba kale," anatero mayi. "N'chifukwa chake ndi wokhota. Ukaumasula, dzanja langa lichoka pamutu pa mwanayu, ndipo ine ndinyamuka. Ukausiya, ndikhala pompano kumakuonerani masiku onse, koma tsitsilo liwola."

Mwandida anawapempha kuti abakhala kaye pang'ono. Mayi anavomera. Dzuwa linaima pamene linali, mtsinje unaleka kuyenda, injini ya basi imene inkamvekabe chapatali inazima. Anakhala akuyang'anizana nthawi yaitali, ndipo Mwandida anali asanamvepo mtendere wotero chiyambire matenda. Akanatha kukhala choncho mpaka kukalamba. Kenaka Chifuniro anakweza kadzanja kake n'kukanda pamzere paja, mwakabisira, poopa kusokoneza akuluakulu.

Mwandida analowetsa nsonga ya chipeso mumzeremo. Sanakoke. Anamva benchi ikulira monga imachitira munthu akamanyamuka, koma sanadzutse mutu mpaka tsitsi lonse litamasuka.

Anadzidzimuka ali pampando pamene tulo tinamubera masanawo, zala zikuwawa. Khoma linali pamalo pake. Panja malume a Gostino anali akuodira.

Chifuniro anali ataima kale pakhomo, mizere yakale ija ikadali m'mutu, jumbo la zovala lili m'manja. Palibe anamuuza kuti alongedze. Nsapato anavala mosemphanitsa, ndipo ankayang'ana pansi kuti mkulu wake asamuone nkhope.

"Lowani, malume," anatero Mwandida. Kenaka anagwada n'kulanda jumbo lija. "Chifu, vula nsapatozo. Kwanu n'konkuno."