Mtsuko wa Fusae

Chipale chofewa chinayamba kugwa m'mawa, ndipo pofika masana msewu wokwera kuphiri unali utayera wonse. Basi inkayenda pang'onopang'ono, matcheni akulira m'matayala. Ine ndinakhala pawindo. Achemwali anga, a Masuko, anakhala pambali panga akusenda malalanje.

"Toku, mwana wako amakukonda, ukudziwa? Ndani masiku ano amatumiza bambo ake kukasamba kukasupe wa madzi otentha? Wanga uja ngakhale foni yeniyeniyi saimba. Tamwetulirako, nkhope ngati nsomba youma."

Ndinayang'ana kunja. Ulendowu sindinkaufuna.

Chimwalirireni Fusae, mkazi wanga, ndinali ndisanagoneko kwina. Titatentha thupi lake ndinabwera ndi mafupa kunyumba mumtsuko woyera, ndi kuuika pashelefu m'chipinda chathu. Masiku a maliro atatha, mtsukowo unayenera kupita kumanda a banja lathu, kuseri kwa kachisi. Ndinakana. Wansembe anabwera, ndinamuthirira tiyi, anabwerera. Achemwali anabwera, analira, anatukwana, anabwerera. Tinadzala mpunga, tinakolola, mtsuko uli pomwepo.

M'manda amenewo muli amayi anga. Fusae anakhala nawo nyumba imodzi kuyambira tsiku la ukwati mpaka iwo kumwalira. Ankadya pomaliza. Ankasamba pomaliza, m'madzi amene tonse talowamo kale, atazizira, tsitsi lathu likuyandama pamwamba. Amayi sanamuitanepo ndi dzina. Fusae ali kuchipatala, mawu atatsala pang'ono kumuthera, anandigwira mkono.

"Bambo, mukandiike kulikonse kumene mungafune. Koma osati ndi amayi anu."

Ndinati, "Chabwino."

Sanandipemphepo kanthu kena pa moyo wathu wonse.

Mwana wathu, Hironobu, ndi amene anakonza za ulendowu. Anati madzi a kumeneko ndi abwino pa maondo, ndipo iye atipeza madzulo akaweruka kuntchito. Nditayamba kukulunga mtsuko m'nsalu, achemwali anawomba m'manja.

"Ukupita ndi maliro kunyumba ya alendo? Kumene anthu amadya? Ufuna atithamangitse pakhomo?"

"Amayi sasowa usiku umodzi, ababa," anatero Hironobu, maso ali pafoni.

Ndinaubwezera pashelefu. Ndinakhoma chitseko. Sindinaganize zoti Hironobu naye ali ndi kiyi.

Nyumba ya alendoyo ili pamene msewu umathera, m'chigwa chonunkha ngati mazira owola. Mayi mwini nyumba anatilandira atagwada pakhomo, chipumi chitatsala pang'ono kukhudza thabwa. Tinavula nsapato, wantchito anapita nazo kuseri. Anatipatsa nkhwaira zofewa ndi kutitsogolera kuchipinda cham'mwamba, choyang'ana kumtsinje. Panali tiyi, timakeke ta nyemba ndi mikanjo ya thonje yopindidwa bwino.

"Pita ukasambe," anatero achemwali. "Usafulumire. Uviike mafupawo mpaka afewe."

Ndinapita. Dziwe la amuna lili panja, pakati pa miyala. Munalibe munthu. Ndinadzikhula, ndinalowa mpaka m'khosi, kansalu ndinakaika pamutu. Chipale chinkagwera m'madzi ndi kuzimirira. Maondo anasiya kuwawa. Ndinakhalamo nthawi yaitali, ndinatuluka, ndinalowanso. Ndinkaganiza kuti madzi otere, oyera, opanda amene wawadetsa, Fusae sanalowemo. Ndinasangalala m'madzi amenewo, ndipo ndinawodzeramo pang'ono.

Hironobu anafika kukungoyamba kuda, chakudya chitayalidwa kale pa timatebulo tatifupi: nsomba ya mumtsinje yowotcha ndi mchere, ndiwo zam'phiri, nyama ya nguluwe ikubwata mumphika. Anakhala pansi osasintha zovala. Pamaondo a buluku lake panali dothi. Atandiweramira kuti andithirire mowa wa mpunga, ndinamva fungo la lubani.

"Msewu unali bwanji?" anafunsa achemwali.

"Woterera, azakhali."

"Nanga zija?"

"Zatheka."

Achemwali anapuma mpweya waukulu, nanyamula kakapu kawo. "Basi. Tsopano ndikhoza kuyenda m'mudzi mutu uli m'mwamba."

Ndinaika kakapu kanga pansi. "Wachokera kuti?"

"Idyani kaye, ababa."

"Wachokera kuti?"

"Muuze, iwe," anatero achemwali. "Akumenya? Ndi maondo amenewo? Toku, mkazi wako ali kumene amayenera kukhala. Wansembe anabwera, mapemphero anachitika, maluwa aikidwa. Zonse mwaulemu. Iwe unkasamba."

Ndinayang'ana mwana wanga. Iye ankayang'ana nsomba.

"Mtsukowo ndikautenga mawa," ndinatero.

Achemwali anaseka mpaka kutsokomola. "Ukatenga chiyani? Unabadwira kuti iwe? Kwathu timasunga mitsuko pansi pa mwala? Zimenezo ndi za kutauni."

Ankanena zoona. Kwathu tikachotsa mwala timakhuthula mafupa m'dzenje, pamwamba pa a makolo, kuti onse abwerere kudothi limodzi. A amayi ndinakhuthula ndine.

"Wakhuthula?" ndinafunsa.

"Ndi mwambo, ababa."

"Ndi manja ako?"

"Wansembe anati ndikhuthule ine, poti ndine mwana wa malemu." Mawu ake anakwera. "Mukudziwa zimene anthu amanena? Mkazi wanga amakana kubwera ndi ana kunyumba kwanu. Akuti agogo amagona ndi mafupa, amawauza za nyengo. Ndatopa nazo. Amayi anafa. Samva kanthu."

"Unalipo kuchipatala. Unamva."

"Anali pa mankhwala."

"Ndipo anali wamwano kuyambira kale," anatero achemwali, akusankha nyama mumphika. "Wofatsa pamaso, mwano m'mimba. Anadya mpunga wa nyumba yathu moyo wake wonse, lero akane dothi lathu? Amayi amulandira. Panopa ayenera kuti amutuma kale tiyi."

Ndinaimirira. Ndinatsika masitepe ndili mumkanjo womwewo. Pakhomo panalibe nsapato ngakhale imodzi. Matabwa anali opukutidwa, akunyezimira. Ndinaitana. Mayi mwini nyumba anatulukira, nagwada.

"Nsapato zanga."

"Pepani bambo, kodi chakudya sichinakukomereni?"

"Nsapato."

"Basi yomaliza inatsika kale, ndipo chipale chachuluka." Ankamwetulira, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. "Achemwali anu anatiuziratu pokonza malo. Akuti masiku ano mumasokonezeka pang'ono, mumatuluka osadziwa kumene mukupita. Musachite manyazi, apongozi anga analinso choncho. Nsapato tazisunga bwino. Tazipakanso polishi."

"Sindine wodwala."

"Inde, inde, simuli wodwala ayi. Bwanji mukasambenso? Madzi athu amakhazika mtima pansi."

Alendo awiri ochokera kosamba anaima pakhonde, matawulo m'khosi, akutiyang'ana. Mmodzi ananong'oneza mnzake, "Agogo afuna kuthawa." Ndinatsegula chitseko. Chipale chinali chofika m'maondo, matayala a galimoto ya Hironobu atakwiririka. Ndinaima pamenepo ndi nkhwaira zam'nyumba mpaka mayi uja anabwera kudzatseka chitseko mwaulemu, ndi manja awiri.

Nditabwerera, ndinapeza timatebulo tachotsedwa, zogonera zitatu zitayalidwa pamphasa moyandikana. Anandisiyira chapakati. Achemwali anali atadya ndi nsomba yanga yomwe.

Kunacha kuli dzuwa. Galimoto yokankha chipale inadutsa tikudya. Achemwali anapempha mpunga wowonjezera, nayamikira dzira lophikidwa m'kasupe. Hironobu anali atasamba, nkhope ili yofiira, ndipo anayesa kundilankhula.

"Chaka chamawa tidzabwerenso, ababa. Ndi ana omwe."

Ndinamwa msuzi.

"Musiye," anatero achemwali. "Amafufuma ngati chule, kenako amaphwa. Toku, ngati ukumufunabe, pita ukamusankhe. Mafupa alibe dzina. Ukatola chibwano cha amayi n'kumagona nacho."

Anaseka. Hironobu nayenso anaseka pang'ono, kenako anasiya.

Achemwali sanaonepo mkati mwa dzenje limenelo. Tsiku loika amayi anaima patali, mpango uli pamphuno. Ine ndinaona. Mafupa akale amada, amafanana ndi dothi. Atsopano amakhala oyera mbee, ndipo amachedwa kuda. Titatentha thupi la Fusae, ndinatola mafupa ake ndi timitengo tiwiri tonga todyera, monga timachitira, kuyambira a kuphazi mpaka a kumutu, ndipo ndinayang'anitsitsa lililonse.

Timitengo timene ndinkadyera ndinatipukuta ndi kutilowetsa m'thumba la jekete. Pakhomo nsapato zathu zinali zitandandalikidwa, zoyang'ana kunja. Mayi mwini nyumba anawerama, nati tidzabwerenso. Hironobu anatsegula chitseko cha galimoto.

"Lowani, ababa, ndikutulani kunyumba."

Ndinamudutsa. Ndinakwera basi yotsika, ndinatsikira pasitolo ya zitsulo, ndinagula chitsulo chotukulira mwala, ndipo ndinayenda wapansi kupita kumanda.