Motobomba ya Atsibweni a Clemente

Ndinali nditagwada m'matope, sipanala m'manja, pamene ndinazindikira kuti madzi mu motobomba, injini yopopera madzi ya atsibweni a Clemente, aphwa. Ndinatsegula kachivundikiro ka pamwamba n'kusuzumira. M'kati munali gwaa, mouma. Ndinatsekanso pang'onopang'ono. Nilza, mlongo wanga wamng'ono, anali chakumtunda kwa dimba, akuzika timawaya m'mizere ya kachewere, atandifulatira.

Ine ndine Arlindo, makaniko. Ndatha zaka khumi ndi ziwiri pa ofisina yanga ku Furancungo, kukonza njinga zamoto, zigayo ndi injini zopopera madzi. Sukulu ndinalekezera desima, kalasi lakhumi, chaka chimene atate anafa ziwalo. Iwo anabwerako kothawa nkhondo ku Malawi ali ndi khasu lokha, ndipo poti ndinali mwana woyamba, nkhani ya sukulu yanga sinakambidwe n'komwe. Nilza anabadwa zinthu zitayamba kukhazikika. Anaphunzira mpaka kupeza bolsa yom'lipirira sukulu ku univesidade ku Beira, kukachita maphunziro otchedwa mekatironika. Amayi dzinalo linkawakanika, ndiye Nilza anawafotokozera kuti ndi luso lolumikiza zitsulo, magetsi ndi kompyuta kuti makina azidziwa okha chochita. Amayi anafotokozera mpingo wonse. Koma wom'phunzitsa kugwira sipanala ndinali ine, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Zimenezo mpingo sunamve.

M'chaka chake chomaliza anabwera kwathu ku Ntengo-wa-mbalame nyengo yotentha, atanyamula kabokosi kokwana m'dzanja limodzi. Imeneyo inali porojeto yoti akapatsidwe nayo digiri. Kabokosiko kankamva kuuma kwa nthaka kudzera m'timawaya tija, ndipo dothi likachita ludzu kankadzutsa injini popanda munthu. Anandiimbira foni kuti ndidzam'mangirire batire ndi choyatsira pa motobomba ya atsibweni. Ndinayenda tsiku lathunthu pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Nditafika, atsibweni sanandifunse za ulendo.

"Arlindo, tam'landira chikwama enjenyerayu," anatero.

Motobomba ija ndinali nditaikonzapo kanayi. Kavavula kotsekera madzi kunsi kwa paipi kankadontha, moti injini ikagona madzi onse ankabwerera kumtsinje. Munthu ankayenera kuthiramo ndowa imodzi asanailize, apo ayi mphira ya m'kati ipsa. Atsibweni ankathira mwa chizolowezi, osadziwa chifukwa chake. Koma tsiku loonetsa anthu kabokosiko Nilza anali atawauza kuti asakhudze kanthu, anthu aone makina akudzuka okha. Kabokosi kake kankadziwa ludzu la nthaka, la injini ayi. Mawu oti ndim'chenjeze anafika pakhosi. Ndinawameza.

Dzuwa litakwera, dimba linadzaza. Panabwera alimi a kachewere a m'midzi itatu, aphunzitsi awiri amene anam'phunzitsa Nilza ali wamng'ono, ndi amayi a ku tchalitchi atavala nsalu zofanana. Foni ya Nilza inali itamangidwa pa mtengo wa pichesi kuti ijambule zonse, aphunzitsi ake ku Beira akaone. Nilza anafotokoza bwino, m'Chichewa chathu, mawu ena akuthawira ku Chipwitikizi. Anthu ankagwedeza mitu ngakhale pamene sanamve. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi injini, pamalo pa wantchito.

Kenaka kanyale kofiira kanayaka pa kabokosi. Injini inatsokomola kawiri n'kuyamba kulira yokha. Amayi anaimba nthungululu. Anthu onse anathamangira kumapeto kwa paipi kukadikira madzi.

Madzi sanabwere.

Ndikanatha kuizimitsa ndi chala chimodzi. Ndinali pomwepo. Ndinaika manja kumbuyo, ndikumvetsera kulira kwake kukusintha, kuchoka kwa injini yogwira ntchito kunka kwa injini imene ikudzidya yokha. Fungo la mphira yopsa litafika kwa anthu, Nilza anathamanga akuponda kachewere, nadzaizimitsa yekha. Utsi unkatuluka m'mbali.

Wina m'gulumo ananena kuti za m'mabuku zimathera m'mabuku, ndipo ena anaseka chamumtima. Ndisaname, mtima wanga unazizira ngati ndamwa thobwa la mumtsuko. Atsibweni anatembenuka kundifunafuna ndi maso.

"Arlindo, taona iwe mwana wanga. Yatani?"

Mawu amenewo ndi amene ndinkawadikira zaka zinayi.

Mphira yotero sinapezeke ku Ulongwe, tauni yapafupi. Ndinachita kukaitenga mumzinda wa Tete, ndipo ulendo wonse unadya masiku anayi. Kachewere anali pa maluwa, nthawi imene safuna kuphonya madzi ngakhale tsiku limodzi. Pobwera ndinapeza atsibweni, amayi ndi Nilza akukwera chitunda ndi ndowa pamutu. Amayi miyendo inali itatupa. Mizere yonse yakumtunda inali itagona pansi, yachikasu, ndipo sinadzukenso. Kachewere ameneyo ndiye ankadyetsa ndi kuveka ana a atsibweni chaka chonse. Iwo sanakalipire munthu. Anangonena kuti zinthu zatsopano zimayamba choncho, ndipo anandithokoza chifukwa cha ulendo wa ku Tete. Kuthokozako kunandilemera kuposa kutukwana.

Tsiku lotsatira ndikuika mphira ija, Nilza anabwera nakhala pa thumba la fetereza pambali panga. Khosi lake linali litauma ndi ndowa. Anandipatsa foni yake. Anali ataiyatsa m'mawa wa tsiku lija poyesa ngati ikujambula bwino, n'kuiwala kuizimitsa. Ndinadziona ndekha nditagwada, ndikutsegula kachivundikiro, kusuzumira, kuyang'ana kumene kunali iye, kenaka n'kutseka.

"Munaona, achimwene."

Ndinati zinandituluka m'maganizo.

"Inu za injini simuiwala. Mukanandiuza, ndikanachita manyazi pamaso pa inu nokha."

Pamenepo m'pamene ndikanapepesa. M'malo mwake pakamwa panga panatuluka zina.

"Enjenyera ndiwe. Ine ndimayesa makina ako amadziwa okha."

Anatenga foni yake. Sanaonetse munthu aliyense zimene inajambula, amayi kapena atsibweni, mpaka lero. Anatulutsa kope nayamba kundifunsa: madzi amayenera kufika pati, injini imatha kulira youma nthawi yotalika bwanji, kavavula kamadontha chifukwa chiyani. Ankafunsa mwaulemu, monga mmene munthu amafunsira makaniko amene wam'peza pamsewu. Ndinayankha zonse. Masiku atatu anakhala pakhonde ndi kompyuta yake, ndipo anawonjezera kawaya kena koti kabokosi kaziyamba kafufuza ngati mu motobomba muli madzi. Titayesanso panalibe gulu, panalibe nthungululu. Madzi anatuluka, atsibweni anavula chipewa.

Anabwerera ku Beira, nakhoza. Pano ali ku Nacala, amayang'anira makina a pa fakitale ina. Lamulungu lililonse amaimbira amayi. Ine amandipatsa moni pa Khirisimasi, moni wathunthu, wosasowa kanthu, wofunsa mlamu wake ndi ana mmodzimmodzi.

Patapita miyezi iwiri chichokereni Nilza kumudzi, woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, anandisiyira phukusi pa ofisina. Munali buku lake la chaka choyamba, lonenepa, la m'Chipwitikizi, la za magetsi ndi mmene makina amalamulidwira. Munalibe kalata. Sindidziwa ngati anatumiza pondikhululukira kapena pofuna kuti ndione kutalika kwa mtunda umene uli pakati pathu, ndipo sindinam'funse.

Bukulo limakhala pansi pa benchi yogwirira ntchito. Masana kukakhala kopanda anthu ndimalitulutsa. M'mphepete mwa masamba muli zidindo zakuda za chala changa, zotsatizana bwinobwino mpaka tsamba la makumi awiri ndi zitatu, pamene manambala amayamba kusanduka zilembo. Pamenepo pepala lada mpaka kunyezimira. Kutsogolo konse n'koyera, kupatula timawu ta Nilza ta pensulo. Ndikamva njinga yamoto ikuima panja, ndimaliphimba ndi chisanza cha oyilo.