Manja a pa Tsamba la Kampani

Tsiku limene wojambula anafika pa esiteti, kapitawo analoza Teleza osaganiza kawiri. Akanaloza ndaninso? Pa gulu lonse la othyola tiyi, dengu la Teleza ndi lokhalo limene silinkabwezedwa pa sikelo. Masamba awiri ndi kansonga, basi, popanda okhwima, ndipo zala zake zinkathamanga pamwamba pa tiyiyo ngati nkhuku yojompha mphale.

Mayi Madalo a ku ofesi, amene anabwera ndi wojambulayo, anafotokoza kuti zithunzizo zikupita pa tsamba la kampani la pa intaneti. Anthu amene anaika ndalama zawo mu kampaniyo amakhala kutali, ena kunja kwa dziko, ndipo dothi lofiira la ku Thyolo sanalipondepo. Iwo amangotsegula tsambalo n'kuona mmene mvula yagwera, mmene tiyi wagulidwira, ndiponso mtundu wa anthu amene akuthyola. Akakhutira amawonjezera ndalama, akakayika amachotsa. Choncho tsambalo linayenera kukongola.

Anamusambitsa Teleza m'manja, n'kumupaka mafuta mpaka ming'alu ya m'zala inabisika. Chimene sichinabisike ndi chipsera cha kuseri kwa chala chachikulu, chopindika ngati mbedza. Wojambulayo anagwada, kamera pafupi ndi zalazo, uku akuti thyolani, bwerezani, imani pomwepo. Kumaso sanamuyang'ane n'komwe. Teleza sanadandaule, ankayesa kuti nkhope ibwera pambuyo. Inabweradi, koma ya Alesi.

Alesi ameneyu anali wa khomo loyandikana ndi la Teleza kumalayini, nyumba za antchito a pa esiteti, wochokera kwa Khwethemule, ndipo pa esiteti anali asanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Pothyola anali wa manja olemera, koma kuseka ndiye anapatsidwa, mano oyera a mpata. Anamuimika pakati pa munda, dengu lopanda kanthu kumsana, n'kumuuza kuti aseke. Ntchito yake inathera pomwepo.

Tsambalo litatuluka, amene anayamba kuliona ndi Amosi, mwamuna wa Teleza, amene ankagwira ntchito youmitsa tiyi kufakitale ndipo foni yake sinkasowa bandulo. Pamwamba panali Alesi akuseka. M'munsi mwake munali manja awiri owala, atapana masamba awiri ndi kansonga, ndipo pansi pa manjawo panalembedwa dzina la Alesi.

Nsanje inamugwira Teleza, ndipo sitibisa, inali nsanje yeniyeni. Kumalayini anthu anayamba kumutchula Alesi kuti a Intaneti. Ku tchalitchi azimayi ankapatsirana foni nyimbo ili mkati. Teleza anasiya kubwereketsa sefa pakhomo loyandikanalo, ndipo Alesi akapereka moni ankayankhidwa ndi mphuno. Alesiyo, mwana wa eni, anayesa tsiku lina pa mjigo kunena kuti iye sanapemphe zimenezo, koma Teleza anangosenza ndowa yake yosadzaza n'kumapita.

Anapitanso ku ofesi kukadandaula. Mayi Madalo anamumvera bwinobwino, kenako anati tsambalo anakonza ndi anthu a ku Blantyre, mabwana analivomereza kale, ndipo eni masheya, anthu oika ndalama aja, analiona pa msonkhano wawo wa pa kompyuta. Anatinso chimene anthuwo anakonda kwambiri ndi manjawo, moti wina analemba kuti manja otere ndi amene amamulimbitsa mtima kuti ndalama zake zili pabwino. Mayiwo ankayesa kuti akumutonthoza. Teleza anatuluka mtima ukuwawa kuposa mmene analowera.

Komabe eni masheya akutaliwo sanali kanthu kwenikweni. Ngakhale atalidziwa dzina lake, akanalitchula molakwika. Chimene chinkamudya Teleza chinali m'nyumba mwake momwe. Amosi ankatsegula tsambalo m'mawa, ankalitsegula akaweruka, ankalionetsa kwa aliyense wodutsa ngati kuti kampaniyo ndi ya bambo ake, koma manjawo sankawazindikira. Chonsecho chipsera chija Amosi analipo pamene chinkabadwa. Chinali chaka chimene ankafunsirana, nyengo yodulira tiyi, mpeni unaterereka, ndipo Amosi anang'amba malaya ake okhawo abwino n'kumanga balalo.

Kumuuza kunali kosavuta, mawu awiri okha. Koma Teleza anakana mumtima mwake. Munthu wouzidwa amangovomera, ndipo iye sankafuna kuvomerezedwa. Ankafuna kuti mwamuna wake aone yekha. Anayamba kudzola mafuta m'manja tsiku lililonse. Pomupatsira madzi osamba m'manja ankachedwetsa dala dzanja lamanjalo. Amosi ankathokoza mwaulemu, maso ali pa foni.

Lamulungu lina masana kunabwera a Malizani, achimwene ake a Amosi ochokera ku Thekerani. Anakhala pakhonde, ndipo nkhani za chimanga zisanathe n'komwe foni inali itatuluka kale. Amosi anafotokoza zonse monga anamvera kufakitale, za anthu akunja amene amawerenga tsambalo asanaganize zochita ndi ndalama zawo. Kenako anakuza chithunzi cha manja chija ndi zala ziwiri mpaka chinadzaza foni yonse, chipsera chili poyera ngati msewu wa pa mapu.

"Taonani zala izi, achimwene," anatero Amosi. "Anthu amamunena Alesi kuti ndi waulesi, koma manja awa ndi a munthu wodziwa ntchito. Mwamuna amene adzakwatire pamenepa wadala."

Teleza anali pakhomo ndi makapu a tiyi.  Anagwada, anaika kapu pa kathebulo patsogolo pa alamu ake, ina patsogolo pa mwamuna wake, ndipo m'malo modzuka anatsamiritsa dzanja lake pa kathebulopo, pafupi penipeni ndi foniyo, chala chachikulu chili pamwamba. Zipsera ziwirizo zinagundana, chimodzi cha pagalasi, china cha pathupi.

A Malizani anayang'ana foni, anayang'ana dzanja, kenako anakweza maso kwa mlamu wawo. Anatsegula pakamwa, koma Teleza anapukusa mutu pang'ono, ndipo iwo anatseka pakamwapo ndi kapu ya tiyi.

Amosi anayang'ana pansi. Teleza anadikira.

"Mayi a Tamanda," anatero Amosi mofatsa kwa mkazi wake, "tasunthani dzanjalo pang'ono, mukuwatchinga achimwene."

Teleza anasuntha dzanjalo. Analowa m'nyumba, anatenga sefa ija, n'kukagogoda pakhomo la Alesi.