Botolo la Atelala

Tsiku limene adokotala anawauza kuti ali ndi matenda a shuga, atelala anabwerera kunyumba nkhope ili yakugwa ngati auzidwa za maliro. Munthu woti akasoka malaya awiri ankadzithokoza ndi chakumwa chozizira cha m'sitolo, lero akuti asiye!

Mkazi wawo sanakhale pansi. Zakumwa zopanda shuga za m'sitolo mtengo wake unali wothawitsa, ndiye anayamba kukonza zawo. Anayesa mandimu, anayesa tiyi wozizira, kenako madzi a jinja ofinyiramo theka la lalanje. M'mawa uliwonse botolo linkalowa m'chikwama pamodzi ndi ulusi, madzulo n'kubwera lopanda kanthu.

"Za lero zinali bwanji, abambo?"

"Apa ndiye mwafikapo," ankayankha atelala, maso ali pa nsapato.

Bodza lamkunkhuniza! Kuseri kwa shopu yawo kunali ngalande, ndipo ndi imene inkamwa jinja yenseyo. Akakhuthula ankawoloka msewu kukagula chozizira chawo chakale, n'kumamwera kuseri kwa nsalu zopachika ngati mwana woba shuga.

Patatha miyezi iwiri anapita kukayezetsa, mayi ali pambali. Namwino anawabaya pachala, n'kuyang'ana kamakina, n'kupukusa mutu.

"Yakwera kuposa poyamba. Mumamwa chiyani, bambo?"

"Zimene amandikonzera mayiwa basi."

Mawuwo anangopulumuka, ndipo panalibenso kowatolera. Namwino anatembenukira mayi aja, mawu ali pamwamba, anthu onse a pabenchi akumva.

"Mayi, mukufuna kukhala wamasiye? Mumathiramo chiyani?"

"Theka la lalanje basi," anatero mayi, akupotokola chogwirira cha chikwama. "Mwina ndimachulutsa. Pepani, ndisiya."

Atelala manyazi anawagwira. Chilungamo chinafika pakamwa, koma atayang'ana benchi lodzaza lija anachimezanso. Mwamuna wamkulu wa imvi, kubisala kumbuyo kwa mkazi!

Atatuluka pageti, mayi anaima pambali pa msewu, misozi ili m'maso.

"Mundikhululukire, abambo. Ine ndimangofuna kuti muzimvako kukoma. Sindimadziwa kuti ndikukuphani."

Apa atelala analephera kupirira. Anaulula zonse, za ngalande, za kuwoloka msewu, za kuseri kwa nsalu. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ankakufuna, chifukwa mwina mtima ukanapepukako.

Koma mayi sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu.

"Chabwino. Koma munalawako, ngakhale tsiku limodzi?"

Atelala anafufuza m'miyezi iwiri yonseyo, tsiku ndi tsiku, koma tsikulo sanalipeze.