Duku la Amake Fiona pa Kamera

Aleke, amene Amalawi onse a ku Greenbelt, ku America, amawatchula kuti amake Fiona, si munthu wouzidwa chinthu kawiri. Akhala zaka zambiri akusamalira okalamba m'dziko la eni ake, ndipo chinsinsi cha wodwala sichinawapulumukepo pakamwa. Ndiye mwana wawo Fiona atayamba kubwereza malangizo okhudza mlendo amene anabwera naye, iwo anamudula. "Iwe, ndinakubereka ndine. Ndamva."

Mlendoyo anali mayi wa ku nkhalango ya Amazoni, ku Brazil, wamfupi, wamaso akuthwa, wa mphini zakuda zotsika kuchokera pamlomo mpaka pachibwano. Dzina lake musandifunse, inenso sinditchula. Bungwe lomwe Fiona amagwirako ntchito linamubweretsa kuti Lolemba akafotokoze ku Washington, m'chipinda chotseka, zomwe okumba golide mozemba akuchita kwawo. Akugwetsa mitengo ndi kuthira mankhwala mumtsinje mpaka nsomba kusadyeka. Anthu amenewo ali ndi mfuti. Mlongo wake wa mayiyu anamuwombera mwendo chifukwa cholankhula pamsonkhano, ndipo mayiyu kumudzi anasiya ana. Okumbawo akanangodziwa kuti wauluka kukawanenera, anawo ndi amene akanaona zakuda.

"Chithunzi ayi, dzina ayi," anatero Fiona m'Chingerezi chake, pakuti ana a kuno Chichewa amangomva, kuyankha ayi. "Nkhope yake ikangolowa pa intaneti, siibwerera."

Fiona anasankha nyumba ya amake m'malo mwa hotela chifukwa Aleke anakulira pa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire ndi Mozambique, ndipo amadziwa Chipwitikizi, chomwe mlendoyo amalankhulanso. Chipwitikizi chawo n'chapamsika, chogulitsira kabichi ndi mbatatesi, koma chimayenda. Masiku awiri okha, awiriwo anali atagwirizana kale kuti nsomba za m'masitolo a kuno zilibe kukoma.

Lamulungu Fiona analawirira ku ofesi kukakonzekera za mawa lake. Aleke atavala zoyera za amayi a mpingo, anamuona mlendo atakhala yekha pawindo akuyang'ana magalimoto. Zinawapweteka mumtima. Kwawo munthu susiya mlendo m'nyumba yekha ngati mphaka, iwe n'kupita kukapemphera. Anamuveka chitenje, namukweza m'galimoto, ulendo wa ku Bowie, komwe Amalawi ndi Azambia amabwereka holo yopemphereramo.

Ndipotu anasamala. Pakhomo anawachenjeza amayi anzawo kuti lero foni ikhale m'chikwama, wojambula mlendo wawo aona mbonaona. Anakhala kumbuyo, mlendo pakati pa iwo ndi mnzawo Esnat, mtsogoleri wa amayi. Aleke anadzimva kuti agwira ntchito.

Chimene anaiwala chinali patsogolo penipeni, chitaima pamiyendo yake. Kamera ya a Chabala! Bambo wa ku Lusaka ameneyu amaulutsa mapemphero onse pa intaneti kuti abale kumudzi aziona, ndipo anthu anaizolowera mpaka kuleka kuiona, monga munthu saona mphuno yake.

Ulaliki utatha, mkulu wa mpingo anatambasula manja. "Tsopano alendo onse aimirire, atiuze dzina ndi kumene achokera, kuti ngakhale abale athu kumudzi awaone."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Mlendo, poona anthu akumumwetulira, anagwira mpando kuti aimirire mwaulemu. Aleke anakweza maso. Pakhoma, pomwe amaonetsera mawu a nyimbo, panali chithunzi cha mpingo chikuyenda pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, kulunjika kwa iwo. A Chabala anali akuzunguza kamera.

Mayo ine! Anadziwa kuti cholakwa n'chawo, osati cha wina aliyense, koma yodziimba mlandu sinali nthawi yake. Kukuwa m'tchalitchi sakanatha, chifukwa kamera ikanathamangira komwe kuli phokoso. Koma pali chinthu chimodzi chimene mayi wa mpingo amaloledwa kuchita nthawi iliyonse popanda kupempha. Aleke anamukanikiza mlendo paphewa kuti akhale, anaimirira patsogolo pake, anatambasula chitenje, n'kuyambitsa nyimbo yolandirira alendo ndi mawu awo onse.

Mkati mwa nyimbomo anawerama n'kunong'oneza Esnat. "Mutchingeni. Asaoneke."

Esnat sanafunse chifukwa. Anakodola wapafupi, wapafupiyo anakodola wina, ndipo musanaphethire amayi onse a zoyera anali chilili, phewa ndi phewa, akuvina mozungulira mpando wa mlendo. Nthungululu zinalira. Abambo, osadziwa kanthu, anayamba kuwomba m'manja, ati lero mzimu watsika.

Koma nyimbo imatha. Aleke anaona kuti a Chabala, posangalala ndi gule, anyamula kamera ndipo akubwera nayo kuti alowe pakati. Anachoka mumzere akuvinabe, nakumana nawo pakanjira.

"Zimitsani, a Chabala."

"Ah, ba Aleke, ni chani manje? Bantu ku nyumba batamba!" anatero m'Chinyanja cha ku Lusaka, kutanthauza kuti abale kumudzi akuonera.

Kufotokoza kukanatenga nthawi, ndipo bamboyo anali akusuzumira kale pamwamba pa mapewa a amayi. Tsono muyenera kudziwa kuti Loweruka Aleke anayamba kumasula tsitsi, tulo n'kuwagwira ali pakati. Mbali ina linali lolukabe, mbali ina litaima njoo ngati udzu wa padenga mphepo itadutsa. Mayi ameneyu, amene ngakhale zinyalala sakataya osamanga kumutu, anayang'ana kamera m'diso, anamasula duku lake loyera, n'kuliphimba pagalasi.

Nyimbo inafa. A Chabala anayang'ana mutu wa Aleke, nazindikira kuti mzimayi savula duku pagulu chifukwa cha nkhani yamasewera. Anadina batani, kamera inazima.

Aleke anatembenukira mpingo, tsitsi lili chomwecho, manyazi alibe. "Abale, ndalakwa ndine kubwera naye osakuuzani. Mlendoyu dzina simulimva, chithunzi simujambula. Akaoneka, ana ake kwawo ali pangozi. Koma ngati mukufuna kumva chimene wadzera, khutu silijambula."

Anamufunsa mlendo m'Chipwitikizi chawo cha pa Lizulu ngati angakonde kulankhula. Mayiyo anayang'ana kamera yovala duku ija, anaseka koyamba chifikireni, naimirira. Ananena za mtsinje umene agogo ake ankamwa, umene lero ana akasambamo amatuluka zilonda. Ananena za ndege zing'onozing'ono zotera pomwe panali mitengo. Aleke anamasulira, pena akupunthwa, pena akuthandiza ndi manja, koma palibe amene sanamve. Esnat, yemwe kwawo phiri linametedwa ndi owotcha makala, anapukuta misozi n'kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Potsiriza mlendo anati kwawo anthu akamasakidwa amabisala m'mitengo, ndipo sankadziwa kuti ku America nakonso kuli pobisala.

Madzulo Fiona atamva, anakwiya mpaka Chichewa chinamutuluka. "Amama! Ndinakuuzani!" Anatsegula vidiyo ya mapemphero aja, naipenda pang'onopang'ono. Munali zitenje, misana ya amayi, kenako nkhope ya amake itadzaza galasi lonse, tsitsi lili m'mwamba, kenako kuyera kokhakokha. Anaibwereza. Mphini zija sizinaoneke paliponse.

Lolemba mlendo anakalankhula ku Washington, chitseko chili chotseka, atavala chitenje cha Aleke. Fiona akuti mawu a mayiyo sananjenjemere.

Tsiku lomwelo Aleke ali pa shifiti, foni inalira. Anali mkulu wawo Emmie, wa ku Ntcheu, amene saphonya mapemphero a ku Bowie pa intaneti.

"Iwe Aleke, watichititsa manyazi bwanji! Lizulu yense waona mutu wako. Anthu akutumizirana pa foni, ati ku America kulibe zipeso. Unagwidwa ndi chiyani?"

"Pepani achemwali. Nanga mlendo munamuona?"

"Mlendo wake uti?"

Aleke anakhala pansi pampando wa m'khonde, anatseka maso, n'kuseka mpaka misozi.

"Basi," anatero. "Auzeni apitirize kutumizirana."