Boti Lofiira ndi Nkhono za m'Damu

Nkhono za m'damu la esiteti zinayamba kufa chaka chomwe Everson anamwalira, ndipo anthu a kumalaini sanachedwe kuzimanga mfundo imodzi nkhani ziwirizo.

Everson ndiye ankayang'anira pampu ya padamupo. Mkazi wake Lestina, wothyola tiyi, anatsala ndi mwana wake Mwai ndi tinkhuku toikira mazira ofewa ngati chikwama. Choncho akaweruka ankatsikira kudamu kukatola zigoba za nkhono zakufa, zomwe zinali mbwee m'mphepete mwa madzi, kuti akasinje n'kusakaniza ndi madeya. Chifukwa china sankauza munthu. Pakhomo la kanyumba ka pampu pankamvekabe fungo la dizilo, fungo la malaya a mwamuna wake.

Betty, wothyola naye mzere umodzi, ndiye anamuona.

"Namfedwa ndi zigoba m'chitenje! Ati n'za nkhuku," anatero pa sikelo, mokweza kuti onse amve. "Lero nkhono, mawa ana athu osamba momwemo. Amunanso aja anangodwala masiku angati?"

Kuyambira tsikulo amayi ankasuntha madengu awo Lestina akayandikira. Kenako a Peterson, akapitawo, anamuitanira pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Amake Mwai, ine za mankhwala sindikhulupirira, ndine mkulu wa mpingo," anatero akuyang'ana nsapato zawo. "Koma gulu langa lakana kugwira nanu. Mvula ikadzagwa, tiyi akadzachuluka, damulo likadali choncho, dengu lanu ndidzapatsa wina."

Lestina anayamba kukayikira aliyense. Mwina Betty yemweyo ankafuna malowo apatse mng'ono wake. Mwina anyamata opopera mankhwala m'tiyi ankatsukira zigubu m'damumo. Anawazonda mpaka anawaona akutsukira kutali, kudzenje. Koma m'kuzondazondamo anazindikira kuti zigoba zinkachuluka kwambiri pamalo amodzi, pomwe pankamangiriridwa boti la abwana. Miyala yonse inali ndi ndere, zipilala za mlatho zinali ndi ndere, koma mimba ya botilo inali psuu, yosalala ngati yapakidwa dzulo. Amene analipaka penti yofiirayo anali Everson, ndipo pentiyo inabwera ndi mkulu wake wa Everson yemweyo, a Raphael, woyendetsa lole yonyamula tiyi kupita kudoko ku Mozambiki.

Anakawapeza ku Bvumbwe akukambirana mtengo wa kabichi.

"Alamu, penti munapatsa malemu ija inali yotani?"

"Ha! Ija si penti yamasewera, mlamu. Ija n'ja sitima zapanyanja. Palibe chomera pamenepo, kaya ndere kaya nkhono. Zigubu zakalekale, ndinazipeza kuseri kwa shedi ya padoko."

"Ankazisungiranji kuseri?"

A Raphael anaseka, kenako n'kutsitsa mawu. "Ati inaletsedwa. Mkulu wina wa padokopo anandiuza kuti kale nkhono za m'nyanja zinasokonekera nayo. Zazikazi kumera chachimuna, osaikiranso mazira, mpaka mtundu kutha. Atasiya kupaka ndiye zinayamba kubwerera pang'onopang'ono, patapita zaka. Nkhani za kunyanja izo, mlamu, kuno kuli nyanja?"

"Kuli damu. Ndipo mfiti yake akuti ndine."

Kuseka kuja kunazima. A Raphael anayang'ana uku ndi uku ngati kabichiyo ali ndi makutu.

"Ndiye mukufuna mukanene? Dzina la mng'ono wanga lituluke m'manda kuti ndiye anathira poizoni m'damu? Inenso ntchito ithe?"

Lestina anali ataziganizira kale zimenezo m'minibasi. Anakumbukira Everson akubwera madzulo manja ali psuu, akunyadira kuti abwana amuyamikira. Munthuyo anafa osadziwa kanthu, ndipo anthu akanamutafuna mosavuta kuposa mmene ankamutafunira iye wamoyo.

"Sindinena," anatero. "Koma Loweruka lole yanu ikhale padamu ndi chingwe. Mukawauze abwana kuti boti likuthonya. Mukapanda kubwera, pakamwa panga sindipadziwa."

Loweruka botilo linakokedwa, n'kuvundikiridwa pamwamba pa chitunda, kuseri kwa fakitale. Abwana anali otanganidwa ndi mitengo ya tiyi, sanafunsenso za boti.

Chotsala chinali kudikira, ndipo mawu aja akuti patapita zaka ankamulasa Lestina tsiku ndi tsiku. Iye zaka analibe. Mvula yoyamba inagwa, damu lili chete. A Peterson ankamuzemba maso. Iye ankangoti, "Sabata ino yokha, akapitawo," iwo n'kupukusa mutu koma osalanda dengu. Mvula yachiwiri inabwera yamkuntho, mtsinje wa kumtunda unadzaza damu mpaka madzi akale anasefukira kutsidya kwa khoma.

M'mawa wina, madzi atayera, mlonda anakuwa kuchokera kumlatho. Anthu anathamangirako. Pansi pa masamba oyandama panali timazira tonanda, ndipo pamwala pankakwawa tinkhono tating'ono ngati njere za mapira. Tinali tochepa, kumtunda kokha komwe mtsinje umalowera. Pomwe pankakhala boti panali pakadali zii.

A Peterson anatsokomola. "Basi, nkhani yatha. Amake Mwai, kamzere kanu kakudikira."

Lestina anamanga dengu kumsana. Asanafike n'komwe m'tiyi anamva mawu a Betty kumbuyo kwake.

"Mwaonatu? Tangomuopseza pang'ono, wakazula yekha mankhwala ake. Ndiye wina aziti ndinkanama."

Amayi ena anavomereza ndi mitu. Lestina anaima. Mawu onse anali pamlomo, penti, doko, boti, alamu. Dzina la Everson linalinso pomwepo, ndipo panalibe njira yotulutsira enawo ilo n'kutsala. Anawameza mawuwo, n'kulowa m'tiyi. Kumanja kwake ndi kumanzere kwake anamusiyira mizere yopanda munthu, ndipo tiyi wake anali wambiri, wanthete. Anathyola yekha mpaka dengu linamulemera.